Musanapereke ndalama kwa loya mu Lilongwe, onani kaye ngati ali ndi chiphaso cha chaka chino

Mukafika pakhoti ku Area 3 m'mawa wa tsiku la ntchito, mupeza anthu ambiri ovala masuti akuda, mafayilo kukhwapa, foni kukhutu. Ena ndi maloya enieni. Ena ndi makalaliki ochokera kumaofesi a maloya amene abwera kudzapereka zikalata, ndipo ntchito yawo ndi yovomerezeka. Koma palinso ena amene alibe mbali, madobadoba ongodikira munthu wooneka kuti mutu waima kuti amuyandikire n'kumuuza kuti, "Mayi, vuto n'chiyani? Musadandaule, ajaji ake ndimadziwana nawo." Ndi maso okha simungawasiyanitse anthuwa. Suti amagula pakaunjika, mkanjo wakuda telala aliyense atha kusoka, ndipo chidindo amapangitsa tsiku limodzi lokha m'tauni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimamuyenereza munthu kukuimirani pamlandu, kukulemberani zikalata zogulira malo kapena kukusungirani ndalama za chipukuta misozi ndi chiphaso cha chaka chimene tili. Zina zonse zimabwera pambuyo pake.

Digiri, kulandiridwa ndi chiphaso

Anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu izi, ndipo akathyali amadyera pomwepo.

Choyamba ndi digiri ya zamalamulo. Maloya ambiri m'dziko muno anaphunzira ku Zomba, ku University of Malawi, komwe ambiri timangoti ku Chanco. Ena anaphunzira m'mayunivesite ena kapena kunja. Bungwe la Malawi Council of Legal Education ndi limene limaona ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka, ndipo pali sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, MILE, yokonzekeretsa omaliza digiri kuti alowe ntchito ya uloya. Digiri yopachika pakhoma ikungokuuzani kuti munthuyo anaphunzira, basi. Ali ndi digiriyo atha kuphunzitsa, kugwira ntchito kubanki kapena kubungwe, koma sangatsegule ofesi n'kumalandira milandu ya anthu.

Chachiwiri ndi kulandiridwa. Munthu amapempha kwa Jaji Wamkulu wa dziko lino kuti amulandire ngati loya. Akamulandira amalumbira, ndipo dzina lake limalowa m'kaundula wa maloya amene amasungidwa ndi Rejisitala wa khoti lalikulu. Izi zimachitika kamodzi, n'chifukwa chake chikalata cha kulandiridwa sichikuuzani chilichonse cha mmene munthuyo alili lero. Wina analandiridwa zaka 15 zapitazo, anaimitsidwa chaka chatha, koma chikalata chija chikadali pakhoma, m'felemu yagolide.

Chachitatu ndicho chiphaso chogwirira ntchito, chimene maloya eni ake amangoti laisensi. Chimaperekedwa ndi Rejisitala, chimagwira ntchito chaka chimodzi, ndipo chikatha loya ayenera kutenga china. Lamulo limene likuyendetsa zonsezi ndi Legal Education and Legal Practitioners Act la 2018, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1965. Kugwira ntchito ya uloya popanda chiphasochi ndi mlandu.

Mwina mungati, nanga ine zikundikhudza bwanji ngati loya wachedwa kulipira pepala lake, bola akudziwa ntchito? Zikukukhudzani kwambiri, chifukwa cha zimene loya amayenera kukwaniritsa asanapatsidwe pepalalo. Ayenera kukhala atalipira chopereka chake cha pachaka ku Malawi Law Society, bungwe la maloya m'dziko muno. Ayenera kukhala ndi inshuwaransi yolipira kasitomala ngati loyayo walakwitsa ntchito. Ayenera kusonkha kuthumba la Fidelity Fund, lomwe linakhazikitsidwa kuti lizithandiza anthu amene ndalama zawo zabedwa ndi loya. Ayenera kuonetsa kuti za msonkho wake ku MRA zili bwino, kuti anachita nawo maphunziro owonjezera a chakacho, kuti anakwaniritsa gawo lake lothandiza anthu osauka mwaulere, ndiponso kuti mabuku a ndalama za makasitomala anaunikidwa ndi akauntanti. Mwa zonsezi, zitatu zinaikidwa kuti ziteteze inuyo: inshuwaransi, thumba lija ndi kuunika mabuku. Loya wopanda chiphaso nthawi zina amakhala wangochedwa ndi mapepala, koma nthawi zina amakhala kuti mabuku ake sakanatheka kuwaonetsa kwa akauntanti. Inu muli kunja simungadziwe kuti ndi ziti, ndiye musaike ndalama zanu pamenepo. Komanso mbali inayo ikatulukira kuti loya wanu alibe chiphaso, idzakweza nkhaniyo pamaso pa jaji, ndipo zikalata zimene anakulemberani zitha kukanidwa. Mwataya miyezi, pamene milandu ina lamulo linaiikira malire a nthawi yokasumira.

Kufufuza kwake

Yambani ndi dzina lonse, monga linalembedwera m'kaundula, osati "a Banda aloya" kapena dzina la pa WhatsApp. A Banda, a Phiri ndi a Mwale m'kaundulamo alimo ambirimbiri. Lembani dzina loyamba, lapakati ngati lilipo, la bambo, dzina la ofesi imene akugwirako ntchito ndi pamene ofesiyo ili, kaya ndi ku City Centre, Area 3, Area 47 kapena kwina.

Kenako pemphani kuona chiphasocho. Ambiri apa amachita manyazi, poopa kuti aoneka achipongwe kwa munthu wophunzira. Palibe chipongwe. Mutha kungoti, "Bwana, musanatsegule fayilo yanga, ndingaone nawo laisensi yanu ya chaka chino? Akwathu andiuza kuti ndione kaye." Loya weniweni funsoli silimuvuta, ambiri amangotsegula kabati kapena kuloza pakhoma. Amene ayamba kukalipa kuti "mukundikayikira ine?" kapena kunena kuti chiphaso chili ku Blantyre chibwera sabata yamawa, wakupatsani kale yankho. Mukachigwira m'manja onani zinthu zitatu: dzina ngati likufanana ndi la pa chitupa cha munthuyo, tsiku limene chinaperekedwa, ndi nthawi imene chikuthera. Jambulani ndi foni ngati alola.

Pepala lokha musalikhulupirire, masiku ano kompyuta imapanga chilichonse. Umboni weniweni muupeze kwa ena osati kwa loyayo. Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi ziphaso m'chakacho. Umapezeka pa webusaiti yawo ndipo umatulukanso m'nyuzipepala. Powerenga mndandandawu, onani pamwamba kapena pansi pamene alemba tsiku limene unakonzedwa, chifukwa apa ndi pamene ambiri amaphonya. Dzina likasowa, n'kutheka kuti munthuyo anatenga chiphaso mndandanda utatuluka kale. Dzina likapezeka, n'kuthekanso kuti anaimitsidwa pambuyo pake. Choncho mndandanda ndi poyambira chabe. Imbani foni kapena lembani kalata ku ofesi ya bungweli, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, n'kufunsa mafunso awiri osapita m'mbali: kodi uje ali ndi chiphaso chogwira ntchito lero, ndipo kodi anaimitsidwa kapena kufufutidwa m'kaundula? Nambala yoimbira muitenge pa webusaiti ya bungweli kapena pachilengezo chawo cha m'nyuzipepala. Nambala yokupatsani munthu yemwe mukumufufuzayo itha kukhala ya mnzake amene wakhala panja pagalimoto.

Ngati intaneti ndi yovuta, pitani nokha kukhoti lalikulu ku Area 3, mufunse ofesi ya Rejisitala, osati munthu woima pageti. Fotokozani kuti mukufuna kutsimikiza ngati loya wakutiwakuti ali ndi chiphaso. Akuuzani, kapena akulozerani woyenera kumufunsa. Pitani m'mawa, ndipo nyamulani chitupa chanu.

Patsala msampha umodzi umene mndandanda sungakuululireni: dzina ndi la loya weniweni, koma munthu amene mukulankhula naye ndi wina. Wakuba amatenga dzina ndi chithunzi cha loya wodziwika pa Facebook, n'kutsegula nambala yatsopano. Mukafufuza dzinalo mupeza zonse zili m'malo. Mankhwala ake ndi kufika kuofesi. Loya amene nthawi zonse amafuna mukumane pamalo omwetsera mafuta, m'galimoto kapena pamalo odyera, ofesi yake osakuonetsani, musamupatse kanthu. Mukafika paofesipo onani chikwangwani, funsani wolandira alendo kuti, "A uje amagwira ntchito pano? Ndi omwe akhala m'chipinda umo?" Funso lachibwana, koma lapulumutsa ambiri.

Ena amene si akuba koma sangakuimireni

Kalaliki wa loya amadziwa makonde onse a khoti, nthawi zina kuposa bwana wake, koma si loya. Atha kulandira zikalata zanu m'dzina la ofesi. Akayamba kunena kuti "iyi tingopanga pambali, abwana asadziwe, mtengo utsika," dziwani kuti fayilo yanu sidzalowa m'mabuku a ofesiyo, ndipo zikadzavuta ofesi idzakukanani.

Ma paralegal, anthu ophunzitsidwa kuthandiza anzawo pa zamalamulo, amagwira ntchito yaikulu, makamaka m'ndende monga ku Maula ndi m'mapolisi, kufotokozera anthu za belo ndi ufulu wawo. Bungwe la PASI ndi lodziwika pantchitoyi. Uphungu wawo ndi wothandiza, koma si maloya, ndipo wochita ntchito yake moona sadzitcha loya. Tinene pano kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mupereke ndalama yoti "akatulutsire m'bale wanu" ku Lingadzi, Kawale kapena Kanengo, funsani kaye kwa mkulu wa polisiyo.

Loya wa boma, kaya ali ku ofesi ya Attorney General (mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo) kapena ya DPP (mkulu wozenga milandu m'dzina la boma), amaimira boma. Amene analembedwa ntchito ndi banki kapena kampani amaimira kampaniyo. Kuti ndi m'bale wanu kapena mumapemphera limodzi sizisintha zimenezi.

Loya amene wangolandiridwa kumene nthawi zambiri amayamba wagwira ntchito pansi pa loya wamkulu kwa nthawi yoikika asanaloledwe kuima payekha. Wachinyamata wotere atha kuyendetsa mlandu wanu bwino lomwe, ena amalimbikira kuposa akuluakulu, bola fayilo ikhale ya ofesi imene akugwirako, osati ya m'chikwama chake. Mufunseni kuti amene akumuyang'anira ndani.

Loya wakunja naye sangangotsika ndege ku Kamuzu International Airport n'kulowa m'khoti. Mukukumbuka mu 2020, pa apilo ya mlandu wa chisankho cha pulezidenti, bungwe la MEC linafuna kuimiridwa ndi maloya ochokera ku South Africa. Anayenera kupempha kaye chilolezo kwa Jaji Wamkulu wa nthawiyo, a Andrew Nyirenda, ndipo pempholo linakanidwa. Ngati zinatero ndi maloya akuluakulu otere, munthu wokuuzani kuti ali ndi mapepala a ku London kapena Johannesburg ndiye atha kukuimirani kuno akukunamizani.

Zilembo za SC (Senior Counsel) kumapeto kwa dzina ndi ulemu umene Pulezidenti amapereka kwa maloya ena, ndipo nawonso amatenga chiphaso chaka ndi chaka. Ngati chikalata chanu chikupita kunja ndipo akufuna chidindo cha notary public, loya wololedwa kutsimikiza zikalata zotere, funsani za chimenecho mwapadera, chifukwa si loya aliyense amene ali nacho chilolezo chake.

Ndalama

Chiphaso chikakhala bwino, ntchito yofufuza sinathe. Madandaulo ochuluka okhudza maloya amakhala a ndalama, ndipo ambiri amayamba tsiku loyamba lomwe, pamene munthu wapereka ndalama popanda cholembedwa.

Pemphani kuti mgwirizano ulembedwe: ntchito imene loya agwire, malipiro ake, ndi mmene muziperekera. Malipiro a loya alekanitsidwe ndi ndalama zolipira kukhoti, zoyendera ndi zina zotero. Ndalama iliyonse yolipira kukhoti ili ndi lisiti la boma, ndipo muli ndi ufulu woliona. Ndalama iliyonse imene mwapereka kuofesi ikhale ndi lisiti la ofesiyo, lokhala ndi dzina la ofesi, nambala, tsiku ndi chifukwa chake. Kapepala kong'amba m'kope si lisiti.

Loya amayenera kukhala ndi akaunti yapadera yosungiramo ndalama za makasitomala, yosiyana ndi imene amalipirira lendi ndi antchito. Ndalama yogulira nyumba kapena ya chipukuta misozi imayenera kulowa m'menemo. Choncho mukamatumiza ndalama yaikulu, dzina la akaunti likhale la ofesi, ndipo funsani ngati ili akaunti ya makasitomala. Pa Airtel Money kapena Mpamba onani dzina la mwini nambala. Likakhala la munthu wina amene simunamumvepo, imani pomwepo, ngakhale akuuzeni kuti ndi "wa akaunti wathu".

Tiyerekeze mayi wa ku Area 25 amene mwana wake wagundidwa ndi minibasi ndipo wagonekedwa m'chipatala. Tsiku lachiwiri pabwera bambo waulemu ndithu, atanyamula nthochi ndi botolo la Sobo. "Pepani mayi ndi zovutazi. Ine ndimagwira ndi maloya, inshuwaransi ya galimotoyo iyenera kukulipirani. Simulipira kalikonse, mungosaina apa ndi apa, mundipatsenso lipoti la apolisi ndi buku la kuchipatala." Mayiyo asaina mapepala atatu osawerenga, limodzi lopanda cholembedwa chilichonse. Kope lake sapatsidwa, dzina la loya sauzidwa. Pakatha chaka ndi theka alandira kenakake m'envelopu, n'kuuzidwa kuti inshuwaransi inangopereka zomwezo. Mwina n'zoona, mwina inapereka kuwirikiza kanayi. Alibe podziwira. Malamulo a ntchito ya uloya amaletsa kusaka makasitomala kudzera mwa anthu otere, ndiye ofesi imene imawatuma yayamba kale ndi kuphwanya lamulo. Mayiyu akanafunsa dzina la loya ndi kukafika kuofesi, akanapereka mafotokope n'kusunga zikalata zenizeni, akanakana kusaina pepala lopanda kanthu, ndipo pamapeto akanapempha kalata ya kampani ya inshuwaransi kapena chigamulo cha khoti choonetsa ndalama yonse imene inatuluka, pamodzi ndi pepala lofotokoza zimene ofesi yadulapo.

Pogula malo kapena nyumba, chenjerani ndi loya amene wabwera ndi wogulitsa. Atha kukhala wachilungamo, koma funsani poyera kuti akuimira ndani. Muuzeni loya wanu akafufuze kukaundula wa malo ndipo akuonetseni zotsatira zake zolembedwa musanatulutse ndalama. Pa chuma cha masiye chimodzimodzi: onani kope la chikalata cha khoti chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, chokhala ndi chidindo cha khoti.

Mlandu ulikodi kukhoti?

Mlandu uliwonse umene walembetsedwa umakhala ndi nambala ndi chaka chake. Loya akanena kuti wakasuma, pemphani nambalayo ndi kope la chisamani lokhala ndi chidindo cha khoti choonetsa tsiku limene analandira. Ndi nambala imeneyo mutha kupita nokha kuofesi yosunga mafayilo pakhotipo n'kufunsa kuti mlandu uli pati ndipo tsiku lotsatira ndi liti. Onetsetsaninso kuti ndi khoti liti, chifukwa nkhani za kuntchito zimayambira ku Industrial Relations Court, pamene khoti lalikulu lili ndi nthambi zake monga ya zamalonda ndi ya zamabanja ndi chuma cha masiye. Milandu imachedwadi m'makhoti athu, ndipo si kuchedwa konse kumene kuli vuto la loya. Koma munthu amene miyezi isanu ndi umodzi yatha akungoti "ajaji sanapereke tsiku" osakupatsani nambala, n'kutheka kuti sanakasume n'komwe. Tsiku la mlandu likafika pitani mukakhale nawo, ngakhale loya atanena kuti sikofunika.

Loya amene akulonjeza kuti mupambana zivute zitani, kapena kupempha ndalama "yokaonera ajaji", musiyeni. Nthawi zambiri ndalamayo imathera m'thumba mwake, ndipo ikafikadi kumene akunenako, nanunso mwalowa mumlandu wa ziphuphu. Nkhani yotere ndi ya ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Zikavuta

Ngati munthuyo si loya n'komwe, nkhaniyo ndi ya apolisi, ndipo dziwitsaninso Malawi Law Society kuti ichenjeze ena. Ngati ndi loya wa m'kaundula, lembani dandaulo kubungweli. Kalatayo ikhale yachidule, yotsata masiku: munakumana liti, munagwirizana zotani, munapereka zingati, chalakwika n'chiyani, mukufuna chichitike n'chiyani. Phatikizani mafotokope a malisiti, mgwirizano, mauthenga a pafoni ndi umboni wa kubanki, zenizenizo musunge kunyumba. Potula kalatayo pemphani akudindireni kope lanu. Madandaulo amakafika kukomiti yosungitsa mwambo, imene wapampando wake ndi Solicitor General, mmodzi wa akuluakulu a ku Unduna wa Zachilungamo. Loya wopezeka wolakwa atha kulipitsidwa chindapusa, kulamulidwa kubweza ndalama kapena kuimitsidwa, ndipo pa zolakwa zazikulu nkhani imapita kukhoti kuti afufutidwe m'kaundula. Ngati ndalama zanu zinabedwa, funsani m'kalata yomweyo za njira yopemphera thandizo ku Fidelity Fund. Ngati vuto ndi bilu yokwera mosadziwika bwino, pemphani bilu yofotokoza ntchito iliyonse payokha, ndipo dziwani kuti khoti lili ndi mphamvu younika bilu ya loya.

Dandaulo limatenga nthawi, ndipo mlandu wanu sudikira. Muli ndi ufulu wosintha loya nthawi ina iliyonse. Watsopanoyo amapereka chidziwitso kukhoti ndi kumbali inayo kuti tsopano akukuimirani ndi iye. Wakaleyo atha kugwira fayilo ngati muli naye ngongole, n'chifukwa chake kuyambira tsiku loyamba muzisunga kope la chikalata chilichonse m'fayilo yanuyanu kunyumba. Ngati ndalama yolipira loya wina palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osowa pa milandu, lomwe likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Adzakufunsani za kapezedwe kanu ndi kuona ngati mlanduwo uli ndi mutu, choncho nyamulani chitupa, nambala ya mlandu, zikalata zonse za kukhoti ndi malisiti a zimene munalipira kale kwa loya woyambayo.